Sitima Yopanda Ulendo

Munthu woima pagombe la Chembe usiku wopanda mwezi amaona nyali zambirimbiri zikuphethira pamadzi, ngati kuti mudzi waukulu wamera pakati pa nyanja. Nyali zimenezo ndi za asodzi. Usipa umakonda kuŵala, choncho umasonkhana pansi pa nyali, ndipo asodziwo amauzinga ndi chilimira.

Kumaiko akutali kunali nyali zapamadzi za ntchito ina. Izo sizinali zoitanira nsomba, koma zochenjezera anthu.

Ku Mangalande, pamene mtsinje wa Thames umathira m'nyanja yamchere, pali mchenga wobisika pansi pa madzi wotchedwa Nore. Sitima zopita ku London zinkatitimira mumchengamo usiku. Kumanga nsanja ya nyali pamalo otere kunali kovuta, pakuti maziko sakadagwira. Tsono m'zaka za m'ma 1730, munthu wina dzina lake Robert Hamblin anaimika sitima pamalopo, naiponyera nangula, napachikapo nyali. Sitimayo sinkanyamula anthu aulendo kapena katundu. Ntchito yake inali kungokhala pamalo amodzi kuti amalinyero akaona nyali yake alambalale.

Nzeru imeneyi inafalikira kumaiko ena. Sitima zambiri zotere ankazipaka utoto wofiira ndi kulemba dzina la malowo m'mbali mwake ndi zilembo zikuluzikulu zoyera. Kukachita chifunga, nyali osaoneka, ankaliza belu kapena lipenga.

Amuna okhala m'sitimamo anali olimba mtima ndithu. Ankatha milungu ingapo osaponda kumtunda, akupukuta magalasi a nyali ndi kuthira mafuta. Namondwe akabuka, sitima zina zonse zinkathaŵira kudoko, koma iwo sankaloledwa kuchoka, chifukwa nthaŵi yomweyo ndiyo imene nyali yawo inkafunika koposa. Masiku ano zambiri mwa sitimazi zinachotsedwa, ndipo m'malo mwake munaikidwa nyali zoyandama zoyaka zokha.

Nyanja ya Malaŵi nayo ili ndi zoopsa zake. Pamene sitima yoyamba, Ilala, inakwera mtsinje wa Shire, kudutsa pamudzi wa Mfumu Mponda ndi kuloŵa m'nyanja mu Okutobala 1875, panalibe nyali yoitsogolera. Amalinyero anangodalira maso awo mpaka anakafika ku Cape Maclear.

Komabe choopsa chachikulu kuno si mchenga ai, koma mwera, mphepo ya kumwera imene imautsa mafunde aakulu m'nyengo yozizira. Pa 30 Julaye 1946, sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mafunde kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Nyali, ngakhale yoŵala chotani, sikadawapulumutsa. Chikumbutso cha anthu amenewo chili pansanja ya wotchi yakale ija ku Mangochi Boma, pafupi ndi mlatho wa Shire.