Kwa mwana wanga amene akukaikitsa dzino ku Blantyre

Kwa Kanduku, Mwanza

Mwana wanga wokondedwa,

Pamene ukunyamuka kukayamba ntchito ku Blantyre, komwenso ukaikitse dzino m'malo mwa lija linachotsedwa, ndati ndikulembere, poti malangizo a pa siteji ya basi sachedwa kuiwalika. Dokotala adzagwira ntchito yake kwa ola limodzi kapena awiri, koma yotsalayo, yomwe ndi ya miyezi, idzadalira zimene uzidzaika m'mbale. Uzikadya zofewa, inde, koma zofewa zokhutitsa ndi zomanga thupi. Ambiri akamva zoti adye zofewa amangodalira tiyi ndi phala lamadzimadzi, osadziwa kuti njala nayo imachedwetsa bala kupola.

Uyambe wamvetsa chimene chizidzachitika m'kamwa mwakomo. Chimene madokotala amachitcha implant ndi kamsomali kamazinga ka chitsulo cha titanium, komwe amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kakhale muzu wa dzino latsopano. Dokotala wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ndiye anaona m'zaka za m'ma 1950, pofufuza pa akalulu, kuti fupa limamera n'kugwirana ndi chitsulo chimenechi mpaka osalekana, ndipo mu 1965 anaika mano otere mwa munthu koyamba. Kugwiranako kumatenga miyezi 3 mpaka 6. Zili ngati mzati woimikidwa mu simenti yosauma: ukamaugwedeza, simentiyo imauma ndithu koma mzati sulimba. Kamsomali kakamasuntha chifukwa chotafunira zolimba, thupi limakakuta ndi mnofu m'malo mwa fupa, kenako kamayamba kugwedera mpaka kuchotsedwa. Komanso fupa ndi nkhama zatsopano sizichokera kumwamba. Thupi limazimanga ndi zakudya zomanga thupi, kashiyamu ndi vitamini C, ndipo zonsezi zimalowera pakamwa pomwe pali balapo.

Tsiku loyamba ndilo lofunika kusamala kwambiri. Usadye dzanzi lisanathe, ungadzilume lilime kapena tsaya osamva. Chilichonse chikhale chozizira kapena chofunda pang'ono, chifukwa chotentha chimayambitsanso magazi. Chambiko, nthochi yakupsa yofinya, peyala ndi phala lopola zikukwanira. Usamwere pa kapaipi, usalavulelavule, usachukuche m'kamwa, pakuti magazi oundana pabalapo ndiwo akuliteteza. Tsiku lachiwiri uyambe kutsuka mofatsa ndi madzi ofunda othira mchere theka la supuni yaing'ono m'kapu, makamaka ukatha kudya. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri zotsatira, magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa usawasiye, ungowafewetsa. Phala likhale la mgaiwa lothira nsinjiro zosefa bwino, kapena Likuni Phala yemwe ali ndi soya. Mazira ukazinge mofewa, nyemba uzisende n'kuphika chipere, maungu ndi mbatata uziphwanye, nkhwani wotendera apse mpaka kulekana. Usipa ndi matemba zili ndi kashiyamu wambiri chifukwa timadya ndi minga yomwe, koma mingayo ikhoza kubaya bala, choncho uzisinje zikhale ufa n'kuthira m'ndiwo. Mzimbe, chimanga chootcha, kanyenya, mtedza wokazinga ndi mbuliwuli uzipewe, pamodzi ndi tsabola wa kambuzi.

Za manachesi ndinene padera, poti ndiwe mwana wa ku Mwanza ndipo dziko lonse limatidziwa nawo. Ali ndi vitamini C amene nkhama zimamufuna kuti zilumikizane, koma kuwawasa kwake kumanyerenyetsa bala laliwisi. Masiku oyambirira udye papaya wakupsa, manachesiwo udzawayambe pakapita sabata.

Ndikudziwa udzati munthu amene sanadye nsima sanadye, ndipo ntchito singagwirike ndi phala. Pamenepa sindikutsutsa kwenikweni. Nsima siyoletsedwa: pakapita masiku awiri kapena atatu, phika yofewa, idikire ipole, uzitema timbamu ting'onoting'ono ndi therere n'kumatafunira mbali inayo. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti kukhuta nsima ndiye kuti bala ladya, chifukwa ufa woyera umapatsa mphamvu koma zomangira fupa zili m'ndiwo. Udzatinso ndalama zidzakhala zitathera kuchipatala. Koma pa zonse ndatchulazi palibe chofuna sitolo yaikulu. Mazira, nyemba, nsinjiro ndi mapeyala zili pa msika wa Limbe ndi wa Ndirande monga zilili kuno, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kulipiranso opaleshoni yachiwiri.

Anzako adzakuuza kuti iwo anachotsetsa dzino m'mawa, madzulo n'kudya chiwaya, osaona vuto. Mwina n'zoona, koma kuchotsa dzino ndi kuika muzu wachitsulo ndi zinthu ziwiri. Wochotsetsa akungodikira kuti dzenje litsekeke, pamene iwe ukudikira fupa ligwire chinthu chachilendo chimene sichiyenera kusuntha. Chinyengo chachikulu chidzachokera m'thupi mwako momwe. Pakatha sabata ziwiri ululu udzakhala utatha, ulusi wosokera bala atauchotsa, nkhama zikuoneka zopola, ndipo mtima udzati wachira. Pamenepo fupa lidzakhala litangoyamba kumene ntchito yake, ndipo fupa silipweteka pokuchenjeza. Zakudya zako zanthawi zonse uzibwerere pang'onopang'ono, koma kuluma cholimba ndi mbali ya dzino latsopanolo udikire mpaka dokotala atakuyeza n'kukuloleza.

Kutauni kuli mayesero ena amene ndi ofewa pakamwa koma oononga. Fodya amachepetsa magazi ofika ku nkhama, ndipo madokotala a mano amagwirizana kuti mano oikirira amalephera kawirikawiri mwa osuta kuposa mwa osasuta. Mowa umachedwetsa bala, ndipo akakupatsa mankhwala a Flagyl usayerekeze n'komwe kulawa, chifukwa ziwirizi zikakumana zimasanzitsa koopsa. Zakumwa za shuga ndi mandasi oviika mu tiyi zidzakukopa poti sizivuta kumeza, koma zimadyetsa tizilombo ta m'kamwa n'kuononga mano ako otsalawo. Chitsulo sichibooka ngati dzino, koma nkhama ndi fupa zochizungulira zimatupa n'kudyeka ngati m'kamwa simusamalidwa, choncho mswachi wofewa usausiye, uzingolambalala pabalapo masiku oyamba. Upemphenso akuyeze shuga opaleshoni isanachitike, pakuti shuga wokwera amalepheretsa mabala kupola.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro awo a digiri anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe inadzakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ntchito yoika mano otere imapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda. Dzinolo likalephera, kulikonza si nkhani ya tsiku limodzi. Ukaona magazi osaleka, kutupa kukukulirakulira pakadutsa masiku atatu, mafinya, kutentha thupi, kapena dzanzi la mlomo losatha, ubwerere kwa dokotala tsiku lomwelo. Nsinjiro, nyemba ndi ufa wa mgaiwa ndakuikira m'thumba, ndipo ukadziwa tsiku la opaleshoni undiimbire kuti mlongo wako abwere adzakuphikire sabata yoyamba.

Ndine mayi ako.