Nkhwangwa Yobwereka ya M'kompyuta

Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mwambiwu udabadwira kumunda, koma masiku ano ndikuuona ukugwira ntchito pamalo pamene makolo athu sakadalota n'komwe: m'kati mwa kompyuta.

Ine ndimakhala ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu, kumene mvula ikalimbikira timayamba kukweza katundu pamwamba pa tebulo. Anthu a m'madera ena akamva dzina la dera lathu amangoganiza za matope ndi zithaphwi. Sadziwa kuti m'tinyumba tomweti muli achinyamata amene atopa ndi kumangolipira kuti asewere magemu a eni ake m'timashedi ta vidiyo, ndipo ayamba kupanga awoawo. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta pakoleji ina mumzinda muno. Iye watha miyezi akupanga gemu ya bawo ya pafoni, ya maenje 32 ndi nkhomo 64, monga momwe madoda amasewerera pansi pa mtengo.

Tsono, awerengi, wopanga gemu sayamba ndi manja okha, monganso kalipentala sasula yekha sowo. Pali mapulogalamu amene amawatcha injini za magemu. Injiniyo ndiyo imajambula zithunzi pafoni, kutulutsa mawu, kuyendetsa nkhomo kuchoka dzenje ili kupita dzenje ilo, ndi kumva chala chikakhudza galasi. Zotchuka ndi Unity, Unreal Engine ya kampani ya Epic Games ya ku America, ndi Godot. Iliyonse ili ndi laisensi yake, chikalata chachitali cha m'Chingerezi chija ambiri timangochivomera osawerenga.

Kusiyana kwa malaisensi amenewa aliyense wa mtauni atha kukumva. Munthu wophunzira galimoto amapatsidwa chilolezo, amamata chilembo cha L, n'kumayenda mumsewu womwewo umene tonse timayendamo. Koma ayese kukaima padepoti n'kuyamba kuitanira anthu a ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay, aone ngati apolisi amumwetulire. Galimoto ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, koma kuphunzira n'kwina, kunyamula anthu olipira n'kwinanso.

Ndi mmenenso zilili ndi mapulogalamu. Kampani ya Unity imapatsa sukulu ndi makoleji laisensi yaulere yoika m'makompyuta a m'kalasi, koma ndi yophunzitsira basi, osati yopangira malonda. Kampani ya Autodesk nayo imalola ana a sukulu kugwiritsa ntchito Maya, pulogalamu youmbira zithunzi, kwaulere chaka ndi chaka, koma imaletsa kuigwiritsa ntchito pa bizinesi. Musaganize kuti n'chifundo chokha. Mayi wogulitsa thobwa akakulawitsa amadziwa kuti lilime likazolowera udzabweranso ndi ndalama. Mwana amene waphunzira zaka zitatu pa pulogalamu imodzi, akadzalembedwa ntchito, abwana ake adzagula yomweyo.

Mbali ya malonda ili ndi masamu ake. Unity ili ndi laisensi ina yaulere yotchedwa Personal, imene imalola munthu kugulitsa gemu yake malinga ngati ndalama zimene amapeza pachaka sizinapitirire malire. Malirewo adali madola 100,000, ndipo mu 2024 adawakweza kufika pa madola 200,000. Wopitirira pamenepo amagula laisensi ya Pro, imene mu 2025 idali madola 2,200 pachaka munthu mmodzi. Epic Games idatsegula Unreal Engine kwa aliyense mu 2015, ndipo kuyambira mu 2020 sitenga kanthu mpaka gemu itabweretsa madola 1 miliyoni. Zikapitirira apo, imadya nawo madola 5 pa madola 100 aliwonse.

Chodabwitsa n'chakuti kwa mnyamata wa ku Salisbury Lines khomo la malonda ndi lotsegula kale, ndipo ndi laulere. Amene angapeze madola 200,000 pachaka ndi gemu ya bawo, ameneyo sitikumudandaula. Ngozi ili pa amene walowera khomo la sukulu, n'kuumba ntchito yake yonse ndi zida za m'kalasi, kenaka n'kufuna kutulukira khomo la msika.

Nditamufotokozera zimenezi mphwangayo, iye adaseka. "Asibweni, azungu amenewo angadzandipeze kuno? Ngakhale wa kabaza amasochera!"

Zoona, palibe amene adzakwere ndege kudzagogoda pachitseko chathu. Koma gemu sigulitsidwa pabenchi ngati tomato. Imagulitsidwa pa intaneti, m'sitolo za eni ake monga Google Play, ndipo eni sitolo amatha kuichotsa wina akadandaula kuti ufulu wake waphwanyidwa. Komanso tsiku limene kampani kapena bungwe lidzakonde gemuyo n'kufuna kuikamo ndalama, funso loyamba la maloya awo lidzakhala lakuti: zida zimene mudapangira zidali ndi chilolezo chanji? Gemu ikakhala yosadziwika palibe amene amaifunsa. Mlandu umabwera tsiku limene yayamba kubala, ndipo limenelo ndilo tsiku limene mwanayo wakhala akulipempherera.

Pali chinanso chimene chimandikhudza ine ngati munthu wolemba. Dziko lino lidakhazikitsa bungwe la COSOMA mu 1992 kuti liteteze ntchito za oimba ndi olemba, ndipo mu 2016 lidakhazikitsa lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso. Tonse tikukumbukira mmene oimba athu adalirira ndi anthu okopera matepi, kenaka ma CD, kenaka odzaza nyimbo m'mamemore khadi. Mphwangayo akadzamaliza bawo yake, adzafuna lamulo lomwelo limutchinjirize kwa anthu okopera. Nanga adzaima bwanji pabwalo ngati nkhwangwa imene adadulira mitengo idali yobwereka pa zifukwa zina?

Koma ndisakhale ngati ndikuimbira m'manja makampani. Mwini nkhwangwa amatha kusintha maganizo nkhuni zili pakati. Mu Sepitembala 2023 Unity idalengeza kuti opanga magemu amene adutsa malire ena azilipira mpaka masenti 20 a dola nthawi iliyonse munthu akaika gemu yawo m'foni kapena m'kompyuta. Dziko lonse la opanga magemu lidawira. Mkulu wa kampaniyo, John Riccitiello, adachoka paudindo mwezi wotsatira, ndipo mu Sepitembala 2024 ganizolo adalitaya. Lidatayidwa, inde, koma phunziro lidatsala: womanga pamalo a lendi amagona khutu lili kunja. Ife a ku Salisbury Lines zimenezo sitichita kuuzidwa. Onjezani pamenepo nkhani ya ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye kuti chilichonse cholipira m'madola chidakwera tili m'tulo.

N'chifukwa chake ndimayang'ana kwambiri Godot, injini imene Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina adaipereka kwa anthu onse mu 2014. Laisensi yake sisiyanitsa mwana wa sukulu ndi wamalonda. Phunzira nayo, gulitsa nayo, palibe malire, palibe chodula. Chimodzimodzinso Blender, youmbira zithunzi, imene yakhala yaulere kuyambira mu 2002. Sindikunena kuti zimaposa zinazo pa chilichonse. Makampani ambiri olemba ntchito amafunabe odziwa Unity kapena Unreal, ndipo mwana wanzeru aphunzire zonse. Koma gemu ya bawo sifuna injini ya ndege.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a makompyuta, kuyambira ku Luwinga mpaka m'timakoleji ta mtauni. Musanamuphunzitse mwana kudina batani loyamba, khalani naye pansi ola limodzi, muwerenge naye laisensi, mumuuze chimene ndi chake ndi chimene wangobwereka. Safunsa adadya phula. Ana athu aluso alipo, ndipo si bwino kuti adzazindikire malire a chilolezo chawo tsiku limene wogula waima kale pakhomo.