LOKO WA KU BUTI ANANDIPHUNZITSA NZERU USIKU

Abale anga a m'midzi ya m'malire muno, inu amene mumamva mawu anga pa wailesi ndikukulangizani za katemera wa ana ndi kasungidwe ka mbewu, lero ndabwera kudzadziulula ndekha. Ine wolangiza anthune, kanthu kakang'ono konga chala chachikulu kanatsala pang'ono kundigwetsera maliro pakhomo.

Ndili ndi kagalimoto kanga ka Toyota Corolla kamene ndinagula ku Nampula kwa munthu amene anali atakatopetsa kale. Pogula anandipatsa makiyi awiri, wina wolizira injini ndi wina wa ku buti, chifukwa loko wa ku butiyo anali wochokera ku galimoto ina. Waya uja amatsegula buti ukakoka kachitsulo ka pambali pa mpando wa dalaivala anali woduka. Sindinadandaule, poti kiyi analipo.

Fumbi la m'chilimwe kwathu kuno mukulidziwa. Pang'ono ndi pang'ono kiyi uja anayamba kuuma potembenuza. Ndinathiramo oyilo wa injini, nkhani n'kuoneka ngati yatha. Atayambiranso ndinathiramo mafuta ophikira. Mkazi wanga anandiuza kangapo konse kuti ndikaonetse kwa amisiri, koma yankho langa linali limodzi: “Mwezi ukatha.” Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Usiku wina kunabwera mlamu wanga ali wefuwefu. Mlongo wanga anali woyembekezera, nthawi yake inali itakwana koma zinthu sizimayenda bwino, ndipo achipatala anati apite msanga ku chipatala chachikulu ku Cuamba. Ambulansi inali itanyamuka kale ndi wodwala wina. Tinamugoneka pa mpando wa kumbuyo, mayi athu atamugwirira mutu, ndipo mlamu wanga anakhala kutsogolo atanyamula mwana wawo wa zaka 9 amene anakana kutsala.

Titachoka pa Insaca n'kuyenda chigawo ndithu, tayala la kumbuyo linaphulika. Sindinade nkhawa, poti tayala la sipeya, jeke ndi sipanala zonse zinali m'buti. Ndinalowetsa kiyi, osatembenuka. Ndinagwedeza, osatheka. Ndiye ndi mantha aja ndinapotokola ndi mphamvu, ndipo ndinangomva kuti thyo! Theka la kiyi linali m'dzanja langa, theka lina m'loko.

Abale anga, sindidzaiwala mawu a mayi athu usiku umenewo. Sanakalipe ayi. Anangoti, “Mwananga, tayalalo lilipo koma?” Ndinati lilipo. Anati, “Nanga tikudikira chiyani?”

Tinamutsitsa wodwalayo n'kumugoneka pa chitenje m'mbali mwa msewu. Mwamwayi munadutsa mnyamata wa njinga yamoto amene anali ndi tizitsulo take. Tinazula mpando wa kumbuyo, ndipo kuseri kwake kunaoneka mpata woti munthu wamkulu sangakwanepo. Analowa ndi mwana uja, tochi ya foni ili kukamwa. Ife kunja tinkamuuza kuti afunefune kandodo kachitsulo kochokera ku loko. Anafufuza kwa nthawi yaitali, akulira, mpaka anakakoka ndipo buti inatseguka. Tinafika ku Cuamba kunja kukuyera. Madokotala anachita opaleshoni, ndipo mayi ndi mwana yemwe anapulumuka.

Tsiku lomwelo, ndisanagone n'komwe, ndinapita kwa mmisiri wina wachikulire. Iyeyu ntchitoyi anaiphunzira ku Malawi kumene anathawira nkhondo, ndipo anabwerera kudzera pa Nayuchi ndi Entre Lagos mtendere wa 1992 utabwera. Atamva nkhani yanga anapukusa mutu.

“Achimwene a pa wailesi,” iwo anatero, “njira zilipo zitatu. Ya ulesi, ya chitsiru ndi ya ntchito. Mufuna iti?”

Ya ulesi ndi ija timaiona pa magalimoto ambiri opita ku misika: kuchotseratu loko n'kumamanga buti ndi mphira wa chubu. Ya chitsiru ndiyo kutaya zonse za m'kati mwa loko kuti azitseguka ndi kiyi wina ali yense, ngakhale supuni. Pamenepo ndiye kuti katundu wa anthu wamupereka wekha kwa akuba. Ndinasankha yachitatu, ndipo ndinakhala pa njerwa n'kumaonerera.

Anayamba ndi kuchotsa chinsalu chokuta m'kati mwa chitseko cha buti. Anamasula kapulasitiki kogwira kandodo kaja, kenaka anasolola ndi pulayala kachitsulo kopindika kamene kamapana loko ku chitseko. Basi loko anatuluka ngati chisononkho. Atamuphwasula anandionetsa timalata tating'ono-ting'ono tondandalika, kali konse ndi kasipuling'i kake. Mano a kiyi woyenera amakankha timalatati kuti tifanane msinkhu, ndipo m'pamene loko amatembenuka. Anga anali atamatirira m'phala lakuda. “Nali fumbi lanu ndi mafuta anu ophikira aja,” anatero akundiloza nalo.

Anatsuka zonse m'parafini, nachotsa chiduswa cha kiyi. Kenaka anapempha kiyi wolizira injini, namulowetsa, nayamba kusinthanitsa timalata tija malo mpaka tambiri tinagwirizana naye. Kamodzi kanatsala kotumphuka, ndipo anakapala ndi fayilo. Lero kiyi mmodzi ndiye amachita zonse. Waya woduka uja anaikapo wa buleki ya njinga yamoto. M'malo mwa mafuta anapala mtima wa pensulo n'kuuzira ufa wake m'loko, ati umenewo sugwira fumbi.

Ndinapempha chinthu china chimodzi. Pamene mwana uja anali m'buti usiku, ndinazindikira kuti munthu wotsekeredwa m'menemo alibe chogwira kuti atuluke. Ku America, m'chaka cha 1998, ana 11 anamwalira m'miyezi iwiri yokha atadzitsekera m'mabuti posewera nthawi yotentha. Chifukwa cha zimenezo, kuyambira mu 2001 lamulo la kumeneko limati galimoto zatsopano zokhala ndi buti zizikhala ndi chotsegulira cha m'kati, ndipo nthawi zambiri chimakhala chowala mu mdima. Zathu zakalezi zambiri zilibe. Nanga ana athu sasewera chibisalirano m'magalimoto akufa amene angokhala pansi pa mitengo ya mango? Mmisiri uja anamangirira chingwe cholimba ku kandodo kaja n'kuchisiya chikulendewera m'kati. Ana a pakhomo panga ndinawaonetsa, koma ndinawaletsanso kuseweramo.

Ntchito yonseyi sinathe maola awiri, ndipo ndalama imene ndinalipira sinafike pa mtengo wa tayala limodzi lakale. Ndikaganiza kuti ndinazengereza chaka chathunthu, manyazi amandigwira.

Choncho inu eni magalimoto, makamaka amene mudzi wonse umadalira inu matenda akagwa usiku, mawa m'mawa katseguleni buti yanu. Onani ngati kiyi akutembenuka bwino, ngati sipeya ali ndi mpweya ndiponso ngati jeke alimo. Ngati muli ndi galimoto yakufa pakhomo, ichotseni loko ana asanaipeze.

Kamwana kaja tsopano kayamba kukwawa. Mayi athu akakwera galimoto yanga, asanakhale pansi amayamba afunsa kuti, “Kumbuyoko kukutseguka?”