Zaka 15, abale anga

Kuno ku Bauleni, nkhani ya amuna kapena akazi okondana okhaokha ikangobuka pamsika kapena m'minibasi ya mu Leopards Hill Road, anthu amathamangira kukangana za ukwati. Komatu ife za ukwatizo sitinazifike n'komwe. Ku South Africa ukwati wotere ndi wololedwa kuyambira 2006. Kwathu kuno ku Zambia lamulo lomwe anatisiyira atsamunda likutsekerabe anthu m'ndende. Mu 2019 khoti linalamula kuti amuna awiri a ku Kapiri Mposhi akhale m'ndende zaka 15, mpaka a Lungu, omwe anali pulezidenti nthawiyo, anadzawakhululukira mu 2020. Zaka 15, abale anga! Anthu osaba, osavulaza munthu.

Sindikuti abusa asinthe ulaliki wawo, ayi, mpingo uli ndi zake. Koma anzathu a ku Mozambique anachotsa chilango chotere mu 2015, ku Botswana khoti linachithetsa mu 2019, ndipo mabanja kumeneko sanapasuke. Chimene chimandipweteka mtima ndi mwana wathu wa m'komboni muno, woleredwa ndi tonsefe, amene akadwala amazengereza kupita kukiliniki, ndipo akamenyedwa usiku sapita kupolisi poopa kuti wotsekeredwa akhala iyeyo.