Ng'oma Nayonso Ili ndi Cipinda Cake

Ine ndinakulira mbali zonse ziwiri za malire. Nkhondo itafika ku Angónia, makolo anathawira nafe ku Ntcheu, ndipo tinabwerera kwathu pambuyo pa mtendere wa 1992. Mlongo wanga anatsala, anakwatiwa komweko. Mwana wake ndiye anandiimbira foni kuti, "Amalume, ndikulandira digiri ku Zomba. Mukapanda kubwera ndidandaula."

Ndinaoloka pa Calomue, n'kukwera minibasi pa Dedza, kudzera pa Balaka ndi Liwonde, mpaka m'tsinde mwa phiri la Zomba. Ambiri sukuluyo amaidziwabe kuti Chancellor College, ngakhale kuyambira 2021 dzina lake ndi University of Malawi. Inasamukira kumeneko kucokera ku Blantyre mu 1973.

Mwambo unacitikira mu Great Hall, cinyumba cacikulu comwe nthungululu za amayi zimamveka ngati mvula pa malata. M'mawa mwake muphwa wanga anandiyendetsa pasukulupo. Tinalowa mu laibulale, ndipo anandionetsa gawo losungira zolembedwa za dziko la Malawi. Tinadutsa pa zipinda za sayansi, pomwe iye anathera zaka zinayi. Zonsezo ndinkaziyembekezera.

Cimene sindinkayembekezera ndi kulira kwa ng'oma. Ndinaima n'kufunsa ngati kuli cikondwerero. Iye anaseka. "Ayi amalume, ali m'kalasi amenewo." Pasukulupo amaphunzitsa nyimbo, zisudzo ndi zojambula, komanso pali nyumba ya zisudzo, Little Theatre. Kuyambira zaka za m'ma 1970, gulu lawo la Travelling Theatre lakhala likupita ndi masewero kwa anthu kunja kwa sukulu. Woimba ng'oma ndi woyeza mankhwala amadutsana m'njira imodzi, ndipo onse amalandira digiri mu holo yomwe ija.

Ndinakhala pa benci, mtima uli kwina. Zaka zingapo m'mbuyomo, pa nchito yanga ya pawailesi, ndinajambula mawu a agogo ena a m'mudzi wa kufupi ndi Domwe. Ankaimba nyimbo za pamtondo zomwe ngakhale amayi anga sazidziwa, ndipo akamaliza iliyonse ankandifotokozera amene ankanyozedwa kapena kudandaulidwa m'nyimboyo. Ndinapitako maulendo atatu pa njinga yamoto. Zonse ndinaziika mu kompyuta imodzi. Usiku wina wa mphezi kompyutayo inapsa. Pomwe ndinkakonza zobwererako, uthenga unafika kuti agogowo atisiya. Mdzukulu wawo anabwera kudzandipempha kuti amveko mawu a agogo ake, ine ndinangoyang'ana pansi. Wolakwa sanali wina koma ine ndemwe, amene sindinasunge kwina.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati cuma ca anthu onse, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia. Tinanyadira, ndipo n'koyenera. Koma ulemu wocokera kutali susunga nyimbo. Ku Zomba ndinaona kuti cinthu cimakhalitsa cikapatsidwa denga, citseko, ndi munthu wosunga kiyi. Pa Ulongwe tili ndi sukulu ya ukacenjede ya zaulimi ya UniZambeze, yoyenera dziko la cimanga ndi mbatatesi ngati lathu. Nanga nyimbo zomwe amayi amaimba posinja cimangaco tizisunga kuti?

Sindikunena kuti timange Great Hall m'mudzi, abale anga. Ndikupempha kacipinda kamodzi kosadontha, kaya pasukulu, kaya pa bungwe lathu la cikhalidwe. Mukhale shelefu, kaundula ndi ng'oma zingapo zoti ana azigwira osakalipiridwa. Nyimbo iliyonse ilembedwe dzina la woimba, mudzi wake ndi caka, ndipo isungidwe malo awiri.

Ine ndayamba kale ndi zocepa zomwe ndili nazo. Ndikajambula, ndimasiya kope limodzi kuwailesi, lina ndimapatsa banja la woimbayo pa kamemori ka foni. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo odziwa nyimbo zakale, musadikire kuti mukolole kaye. Tumizani uthenga kuwailesi, ndibwera ndi njinga yanga.