Chishalo cha McClellan

Aphunzitsi anzanga, ku America kuli anthu amene amatolera mayunifolomu, malupanga ndi zishalo zakale za asilikali okwera pa mahatchi. Ena amati n'kutaya ndalama, koma ine ndimawasirira.

Taonani chishalo cha McClellan, chimene asilikali a dzikolo anayamba kukwerapo mu 1859 mpaka pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Pakati pake anasiyapo mpata wautali kuti msana wa hatchi usatupe, koma pokhalapo pake n'pouma gwa. Hatchi ndiye ankaisamala, msilikali azionera yekha!

Mwana wa Fomu 3 atapisa dzanja mumpata umenewo, funso lake lingakhale lotani? Ife kuno tili ndi choko ndi bolodi basi, ndipo inu amene munadutsa m'kalasi mwanga mukudziwa mmene manotsi amaulukira MSCE ikangotha.