Bwinja la ku Mbombwe

Kwathu mwana saloledwa kuseŵera pabwinja. Akuluakulu amati pamakhala njoka, koma tonse timadziŵa kuti chimene amaopa si njoka ayi.

Patchuthi chapitachi ndinaphwanya lamulo limeneli. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anatipatsa ntchito yolemba za John Chilembwe, ndipo ine nditatopa ndi mabuku a m'laibulale ndinaganiza zokaona ndekha malo ake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Agogo anga aakazi, amene kwawo ndi cha komweko, anaumirira kuti andiperekeze, ngakhale mawondo awo avuta.

Za m'mabuku ndinali nditaziloŵeza kale. Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, nabwerako mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission. Iye ndi anthu ake anamanga sukulu ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa. Thangata ya m'minda ya azungu itafika poipa, ndiponso ataona anthu akuda akufera nkhondo ya eniake, anaukira boma la atsamunda pa 23 January 1915. Patangopita masiku ochepa asilikali a boma analanda Mbombwe ndi kuphulitsa tchalitchicho ndi mabomba. Mwini wake anaphedwa pa 3 February, ndipo mishoniyo inakhala yotseka kufikira 1926, pamene Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso.

Chimene mabuku sanandiuze ndicho kuuma kwa njerwazo. Pafupi ndi tchalitchi chimene amapempheramo lero pali zibuma za khoma lakale, zili mbwee pansi ngati ng'ombe zogona. Bomba linagwetsa khoma, koma njerwa zambiri linalephera kuzilekanitsa. Ndinatulutsa kope langa kuti ndilembe zimenezi, ndikudziona ngati munthu wophunzira ndithu.

Agogo anakhala pansi, nayala chitenje, nandiyang'ana nthaŵi yaitali.

"Ukulemba chiyani, mdzukulu wanga?"

"Ndikulemba zimene azungu anachita pano, agogo."

"Azungu okha? Nanga katundu wa asilikaliwo anasenza ndi azungu?"

Apo mpamene anandiuza nkhani imene sindinaimvepo pakhomo pathu. Agogo awo aamuna anali mmodzi wa anyamata amene ankaponda dothi ndi kuumba njerwa za tchalitchi chimenechi. Mng'ono wawo, wobadwa naye bere limodzi, anagwidwa utengatenga, ndipo anali m'gulu limene linasenzera asilikali mabokosi kubwera nawo ku Mbombwe. Ngati ankadziŵa za m'mabokosimo kapena ayi, sanauze munthu. Aŵiriŵa anakalambira m'mudzi umodzi, ankalirira maliro amodzi, koma sanadyerenso m'mbale imodzi kufikira imfa.

"Nanga ife ndife a mbali iti, agogo?" ndinafunsa mopusa.

"Iwe uli ndi magazi a onse aŵiri. Sankha wekha amene ukamutulutse."

Ndinatseka kope lija. Kuno kukoleji timakonda mbiri yosalala, ya ngwazi uku ndi adani uko, ndipo tikamatsutsana m'kalasi aliyense amayankhula ngati kuti kholo lake linali pambuyo pa Chilembwe, mkondo m'manja. Nkhope yake tili nayo pa ndalama, tsiku lake timalikumbukira pa 15 January chaka chilichonse. Koma amtengatenga aja nawonso anabereka ana, ndipo anawo ndi ife tomwe.

Nkhani ija ndinalemba ndi kupereka. Ndinatchulamo Booth, thangata ndi Malikebu, zaka zonse zili m'malo mwake, ndipo ndinakhoza bwino. Za abale aŵiri aja sindinalembemo ngakhale mzere umodzi, kaamba ka manyazi. Ndazilemba pano chifukwa pobwerera tsiku lija, tikudikira basi, agogo anandifunsa ngati ndidzaŵauze anzanga zonse, ndipo ine ndinavomera.